Mzere Umodzi Si Mtundu Wonse: Kuunika za Makolo a Anthu a ku Albania

Wophunzira aliyense wa Hadith amalidziwa dzina la Sheikh Nasir al-Din al-Albani, yemwe adabadwira ku Shkodër mu 1914. Koma anthu a mtundu wakewo adachokera kuti? Pali mayankho awiri otchuka, ndipo onse ndi ofunika kuwayeza monga momwe timayezera nkhani iliyonse.

Yankho loyamba ndi lakale. Evliya Çelebi, mlembi wa mu ufumu wa Ottoman wa m'zaka za m'ma 1600, adalemba mu Seyahatname kuti mtunduwu udachokera kwa mfumu ya Chiarabu ya fuko la Quraysh, yomwe idathawa chilango m'nthawi ya Khalifa Umar (RA). Nkhaniyi ndi yokoma kuimva, koma ilibe miyendo. Munthu wodziwika ndi kuthawa koteroko ndi Jabala ibn al-Ayham, ndipo iye adali wa fuko la Ghassan. Komanso Ptolemy adatchula kale anthu otchedwa Albanoi zaka pafupifupi 500 Umar (RA) asanalamulire, ndipo chilankhulo chawo si chachibale ndi Chiarabu.

Yankho lachiwiri ndi la masiku ano, lochokera ku DNA. Mwana wamwamuna amalandira kwa bambo ake kachigawo kotchedwa Y chromosome, ndipo kamayenda choncho mibadwomibadwo, kakusintha pang'ono chabe. Pakati pa amuna a ku Albania ndi Kosovo, mizere yochuluka ndi E-V13, J2b-L283 ndi R1b. Mzere wa J2b-L283 wapezekanso m'mafupa a m'manda a zaka zoposa 3,000 ku Croatia ndi kumpoto kwa Albania, dera lomwe Agiriki ndi Aroma ankati ndi la Aillyria. Umenewu ndi umboni weniweni wakuti ena mwa makolo awo adakhala m'derali kuyambira kalekale, ndipo sitiyenera kuunyoza.

Vuto limayamba pamene ena anena kuti DNA yatsimikiza kuti iwo ndi Aillyria enieni osasakanikirana. Wophunzira wa Hadith azindikira cholakwikacho msanga. Y chromosome ili ngati isnad imodzi yokha: bambo, agogo, bambo wa agogo. Mukabwerera mibadwo 10, malo a makolo anu amakwana 1,024, koma isnad imeneyi imangotchula mmodzi. Amayi onse sawerengedwa. Chachiwiri, E-V13 ilinso mwa Agiriki, Aserbia ndi Abulgaria ambiri, choncho si chizindikiro cha mtundu umodzi. Chachitatu, fupa silinena chilankhulo chomwe mwini wake ankayankhula. Aillyria sadatisiyire zolemba m'chilankhulo chawo, kupatula mayina a anthu ndi malo, pamene chiganizo chakale kwambiri cha Chialbania chomwe chili ndi deti ndi cha mu 1462. Mpata umenewu DNA singautseke yokha.

Ibn Khaldun adachenjeza mu Muqaddimah kuti mizere ya makolo imasokonekera: mlendo amakhala pakati pa fuko, pakapita nthawi n'kuyamba kuwerengedwa ngati mbadwa. Fiqh nayo idaika malire ake. Nasab imakhazikika ndi ukwati, kuvomereza kwa bambo kapena umboni, ndipo bungwe la Fiqh la Muslim World League lidagamula ku Makkah mu 2002 kuti DNA isagwiritsidwe ntchito pokana nasab yomwe Shariah yakhazikitsa kale.

Ku Balkan nkhani ya amene adafika poyamba si yamasewera. Idakolezera udani womwe udakhetsa magazi ku Kosovo mu 1998 ndi 1999. N'chifukwa chake mphunzitsi asamale. Wofuna ulemu podzilumikiza kwa Quraysh ndi wofuna ulemu podzilumikiza kwa Aillyria akudwala matenda amodzi. Surat al-Hujurat ikutiphunzitsa kuti mafuko ndi odziwirana, ndipo ulemu uli m'kuopa Allah. Tilandire zomwe umboni wanena, tiime pomwe umboniwo waima. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.