Maso odziwa za m'dambo ndi m'tchire

Ku Nsanje, chimanga chikapserera ndi dzuwa, anthu amalowa m'madambo a Shire kukazula nyika. Amatsata tsamba la kakombo loyandama, n'kutsika ndi phesi lake mpaka m'matope momwe muli chakudyacho, ng'ona zili pomwepo. Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu.

Namasupuni sawanyenga ndi duwa lake lokongola. Amadziwa kuti ndi wotseka njira za mabwato, mlendo wochokera ku South America amene amasokonezanso magetsi ku Nkula.

Kumtunda nako, agogo amatikita tsamba ndi zala n'kununkhiza: uyu ndi mpungabwe, wopirikitsa udzudzu. Luni amamuzindikira ndi timasamba take tisanu, chisoso ndi njere zomata pachitenje. Mdzukulu akathyola cholakwika, amamutayitsa pomwepo asanachiponye m'lichero.