Kamera ya Wopenta pa Nyika

Ndimawapatsa ulemu ojambula zithunzi za penti amene ntchito yawo amaiyamba ndi miyendo. Wotere amanyamuka ku Rumphi, kulowera pa chipata cha Thazima, n'kukagona ku Chelinda. M'bandakucha, chisanu cha mu Julaye chikuluma zala, iye ali kale panja ndi kamera.

Nyika, paki yoyamba m'Malawi yomwe inakhazikitsidwa mu 1965, sichedwa kusintha nkhope. Chifunga chikangobalalika, zitunda zimawala ngati golide, koma pakapita mphindi zochepa kuwalako kwazimirira, burashi isanaviikidwe n'komwe. N'chifukwa chake chitunda chimodzi amachijambula kakhumi: mthunzi wa mtambo ukutsetsereka pa udzu, mbidzi zitatembenuka, chilembwe ataima yekha patali. Zithunzi zina ndi za udzu wokhawokha, chapafupi, kuti akaone pamene kufiira kwathera ndi pamene kuyera kwayambira.

Kamera nayo imanama pang'ono, imadetsa mithunzi ndi kuchepetsa mapiri. Iye amazidziwa zimenezi, choncho amalemba m'kabuku mitundu imene maso ake aona. Akabwerera kunyumba, zithunzi zambirimbiri zija zimabala chimodzi chokha pansalu, ndipo ukachiyang'ana umamva mphepo ya kumtunda kuja, mamita opitirira 2,000.