Luso Lokonza Kachipinda ku Sunnyside

M'nyumba zosanjikizana za ku Sunnyside ndi Arcadia, mumzinda wa Pretoria, muli Amalawi amene amakhala m'chipinda chimodzi: kugona, kuphika ndi kulandira alendo, zonse momwemo. Ndimawapatsa ulemu waukulu amayi ndi abambo amene amasandutsa malo othinanawa kukhala pakhomo penipeni.

Luso lawo limayambira pa nsalu. Chitenje chogula ku Marabastad, kapena chobwera ndi wachibale pa basi kudzera ku Mwanza ndi Beitbridge, amachisoka n'kukhala katani yotchinga bedi. Mlendo akalowa amaona pabalaza, kuchipinda osakuona, ndipo mwambo wathu wolemekeza pogona umasungika. Waluso sachulutsa mitundu. Amasankha umodzi wa pachitenjepo n'kuubwereza pa mapilo ndi pa nsalu ya patebulo.

Masutikesi amalowa kunsi kwa bedi pamodzi ndi mabulangete odikira chisanu cha mu Juni. Mashelufu amakwera m'mwamba kuti pansi patsale poyenda, ndipo kalilole amayang'anizana ndi zenera kuti kuwala kuchuluke.

Koma chimene chimandifika pamtima ndi mpando wolukidwa ndi nsungwi, umene ku Joni kuno amautchula ndi dzina la dziko lathu. Masitolo okongoletsa nyumba amaugulitsa modula, pomwe kwathu timaupeza m'mbali mwa msewu. Ngwopepuka, umasunthika ndi dzanja limodzi, ndipo maso amadutsa m'mipata yake, choncho sufinya chipinda ngati sofa. Mipando iwiri yokha imakwanira, ndipo alendo akachuluka amayala mkeka.