Manja Amene Anadzutsa Mlatho

Alendo akafika ku Lucerne, maso awo amathamangira maluwa opachikidwa m'mbali mwa mlatho wa Kapellbrücke ndi nsanja yoima m'madzi. Anga amakwera kudenga, pomwe mitanda imalumana mwakachetechete. Moto utanyeketsa gawo lalikulu la mlathowu mu Ogasiti 1993, akalipentala anayeza mitengo yatsopano, kuisema, kuipala, n'kuilumikiza mpaka itagwirana gwa. Pofika Epulo 1994, anthu anayambanso kuwoloka mtsinje wa Reuss pamlathowu. Dengalo limatchinga mvula ndi chipale chofewa kuti matabwa asawole. Pakadapanda manja amenewa, phazi silikadamvanso kulira kwa thabwa, fungo la mtengo likadazimirira, ndipo woyenda akadasowa mthunzi woimapo kumvetsera madzi akudutsa pansi pake.