Wansembe amene anapeka Misa pomvera ana asukulu

Bambo Guido Haazen, wansembe wa chipani cha Afransisko wochokera ku Belgium, anafika ku Congo mu 1953 n'kuyamba ntchito pasukulu ya mishoni ku Kamina, m'chigawo cha Katanga. Kumeneko anasonkhanitsa anyamata oposa 40 pamodzi ndi aphunzitsi awo n'kupanga kwaya imene mu 1958 inatulutsa Missa Luba. Bambo Haazen anamwalira mu 2004, koma makwaya a ku Mpanshya ndi matchalitchi ang'onoang'ono a m'mbali mwa Great East Road m'boma la Rufunsa ali ndi chifukwa chowakumbukira, pakuti luso lawo lenileni linali la khutu, ndipo khutu ndilo likusoweka pa kupeka nyimbo za m'tchalitchi masiku ano.

Misa imeneyi sinayambire papepala. Haazen analimbikitsa anyamatawo kuimba nyimbo za kwawo, ndipo iwo ndi mphunzitsi Joachim Ngoi anayala mawu a Chilatini pa mayimbidwe a Aluba: wina kutsogolera, gulu kuvomereza, ng'oma kugwira phazi la nyimbo. Manotsi analembedwa pambuyo pake, nyimbo itakhwima kale m'kamwa mwa oimba. Mvetserani Kyrie wake: wotsogolera amaponya mawu momasuka, gulu limabweza chimodzimodzi mosatopa, ndipo kubwereza kumeneko n'kumene kumasandutsa nyimbo kukhala pempho la anthu ambiri. Munthu wosadziwa kuwerenga amaigwira akangoimva kawiri. Zonsezi zinachitika Msonkhano Wachiwiri wa Vatican usanalamule, pa 4 Disembala 1963, kuti mayimbidwe a makolo a m'maiko a mishoni apatsidwe ulemu ndi malo ake pa mapemphero.

Ena anena kuti ngati nyimbo zinachokera kwa Aluba, ndiye kuti Haazen sanapeke kanthu. Maganizo otere amayesa kupeka ngati ntchito ya munthu mmodzi wotsekeredwa m'chipinda, pamene kwathu kuno nyimbo imabadwira pabwalo. Kusankha kuti mayimbidwe awa ndiwo oyenera kupempha chifundo ndipo awa ndiwo a chitamando, kudziwa pamene ng'oma iyenera kutsika kuti mawu amveke, kudulira zochuluka, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Ndipo ndi uphunzitsi umene unapatsa Haazen mwayiwo, chifukwa anali ndi ana omwewo tsiku ndi tsiku, nthawi yokwanira kuyesa, kutaya ndi kuyesanso. Kwaya yokumana Loweruka madzulo okha, kiyibodi itaikiratu kugunda kwake kwa makina, imavutika kupeza mpata wotere.

Chitsutso china n'chakuti Chilatini chinawapeputsira ntchito, ndipo apa pali choona. Chilatini sichidalira kukweza ndi kutsitsa mawu posiyanitsa matanthauzo monga zichitira Chinyanja ndi Chisoli. Wopeka wa kwa Mfumu Mpanshya, kwa Shikabeta kapena kwa Bunda Bunda ali ndi mtolo wolemera kuposa wa Haazen, pakuti nyimbo yake ikakwera pamene chilankhulo chimatsika, agogo a kumbuyo kwa tchalitchi amva phokoso lokoma koma pemphero liwadutsa. Komatu zimenezi zikungolimbitsa njira ya ku Kamina: yambani mwamva mmene eni chilankhulo amatchulira mawuwo, nyimbo itsate pambuyo.

Chimene sindingathe kuchiteteza ndi nkhani ya maina. Kwayayo inatchedwa Les Troubadours du Roi Baudouin, dzina la mfumu ya atsamunda. Inakaimba pa chionetsero cha ku Brussels mu 1958, kampani ya Philips inajambula nyimbozo, ndipo wopanga mafilimu Pasolini anaika Gloria wa Misayi mu filimu yake ya Uthenga Wabwino wa Mateyu mu 1964. Dziko linaloweza dzina la wansembe, la Ngoi likutchulidwa mwa apo ndi apo, pamene a anyamata amene mawu awo akumvekabe pa mbale ija ndi ochepa amene angawatchule. Ngati luso la Haazen linali kumvera, ndiye kuti amene ankawamverawo nawonso ndi eni Misa imeneyi.