Tsitsi Labwino Ndi Liti?

M'chaka cha 2009 ku America kudatuluka kanema wotchedwa Good Hair, ndiye kuti tsitsi labwino m'chinenero chathu. Wotsogolera nkhani m'kanemayu ndi Chris Rock, munthu wakuda wotchuka ndi nthabwala, ndipo woyang'anira kajambulidwe kake adali Jeff Stilson. Chidautsa ntchitoyi ndi funso la mwana. Tsiku lina mwana wamkazi wa Rock, akali wamng'ono, adafika kwa atate ake ali ndi chisoni nkuŵafunsa chifukwa chimene iye adalibe tsitsi labwino. Bamboyo adazizwa kuti kaya ndani adauza mwanayo kuti tsitsi lobadwa nalo nloipa, tsono adanyamuka ndi anthu ojambula kukafunafuna yankho. Ngakhale papita zaka, taganiza zomuunika kanemayu pa tsamba lino, pakuti funso la mwana uja likumvekabe m'nyumba zathu, ndipo mankhwala amene akuwoneka m'kanemamo ali m'masitolo ndi m'misika ya kwathu kuno, ena m'timabokosi tojambulidwa nkhope za ana.

Tiyambe ndi zimene Rock adachita bwino. Iye akuloŵa m'masaluni ndi m'malo ometera, nacheza ndi amayi wamba pamodzi ndi anthu odziŵika monga mlembi Maya Angelou ndi mbusa Al Sharpton. Akutionetsa amayi akupakidwa mankhwala owongola tsitsi, aja timati owotchera tsitsi, akulimba mtima pamene mutu ukuyaka. Kenaka akupita kwa katswiri wa za mankhwala amene akumiza chitini cha chakumwa mu sodium hydroxide, ndipo chitinicho chikudyeka pang'onopang'ono. Ameneyu ndi caustic soda yemwe uja amapangira sopo, ndiye ali m'mankhwala ambiri owongola tsitsi. Ntchito yake ndi kudula timfundo tam'kati timene timagwira tsitsi kuti likhale lopotana ndi lolimba. Timfundoto tikaduka tsitsi limagona, koma mphamvu yake yoyamba sibwereranso. Munthu amene waona chitini chija, kenaka nkuona tiana tating'ono titakhala pa mpando wa saluni, sasoŵanso womlalikira.

Chinanso choyamikika ndi ulendo wake wa ku India. Kumeneko Ahindu ambirimbiri amameta tsitsi lawo m'makachisi, monga wa ku Tirupati, kulipereka ngati nsembe. Tsitsi lomwelo limagulitsidwa, kutsukidwa ndi kutumizidwa kutsidya kwa nyanja, kumene mayi wolandira malipiro ochepa amalipira madola 1,000 kapena kuposerapo kuti alisokerere pamutu pake. Pobwerera kwao Rock akunyamula thumba la tsitsi la anthu akuda nayenda nalo m'masitolo kuti aligulitse, koma palibe wolifuna. Oonera amaseka, komatu ndi kuseka koŵaŵa, pakuti pamenepo mpamene pakuonekera poyera mtengo umene msika udaika pa mutu wa munthu wakuda.

Komabe kanemayu ali ndi chilema chachikulu. Maso ake ali pa tsitsi ndi pa ndalama, osati pa mutu pamene tsitsilo limamera. Nthaŵi yaitali ikuthera pa mpikisano wa akatswiri okonza tsitsi wa Bronner Brothers mu mzinda wa Atlanta, pamene amayi amene adasunga tsitsi lawo lachibadwa akungomveka mwa apo ndi apo, ndipo kasamalidwe ka tsitsi lotero sitikukaona. Nthabwala zambiri zikugwera amayi, ngati kuti iwo okha ndiwo adayambitsa chizoloŵezichi, chonsecho amuna amene amasirira tsitsi losalala, ndi mabwana amene amalifuna pa ntchito, akungodutsa osafunsidwa zolimba. Woonera amatuluka akudziŵa choipa, koma sadziŵa chochita akafika kunyumba nkupeza mwana wake atagwira chipeso.

Mlimi aliyense amadziŵa kuti mbewu ikafooka, poyamba umayang'ana nthaka. Tsitsi limene timaliona ndi kulipesa nlopanda moyo, nchifukwa chake kumeta sikupweteka. Chamoyo ndi khungu la kumutu, m'mene muli timizu pafupifupi 100,000, ndipo kamuzu kalikonse kamatulutsa tsitsi lotalika pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Khungulo limatulutsanso mafuta ake. Pa tsitsi lowongoka mafutawo amatsetsereka mosavuta mpaka kunsonga, koma pa tsitsi lathu lopotana amavutika kuyenda, motero limauma msanga ndipo limathothokera pamene lapindika. Uku sikuipa kwa tsitsi ai, ndi chibadwa chake chabe, chimene chimafuna madzi, timafuta pang'ono ndi dzanja lofatsa.

Ku America komweko kudali mayi wina amene adayambira pa nthaka. Sarah Breedlove, wodziŵika ndi dzina lakuti Madam C. J. Walker, adabadwa mu 1867 kwa makolo amene adali akapolo, ndipo adakhala zaka zambiri akuchapa zovala za eni. Tsitsi lake litayamba kusosoka chifukwa cha nthenda ya pakhungu la kumutu, adaphunzira kuti chofunika nkutsuka mutu kaŵirikaŵiri, kuutikita ndi kupaka mafuta okhala ndi salufa. Njira imeneyi adaiphunzitsa amayi akuda zikwizikwi mpaka imfa yake mu 1919. Nzoona kuti ophunzira ake ankagwiritsanso ntchito chipeso chamoto, koma maziko a ntchito yake adali kuchiza khungu kuti tsitsi limere. Nzeru imeneyi ndiyo ikusoŵa m'kanema wa Rock.

Kanemayu asanatuluke, dokotala wa matenda a pakhungu Nonhlanhla Khumalo ndi anzake adali atafufuza kale za mitu ya anthu ku Langa, mu mzinda wa Cape Town. Mu 2007 adalengeza kuti mwa atsikana a sukulu 100 alionse, okwana 17 adali ndi dazi lobwera chifukwa chokoka tsitsi, ndipo mwa amayi 100 alionse chiŵerengerocho chidayandikira 32. Vutoli lidali lalikulu koposa pamene tsitsi lowotchedwa kale ndi mankhwala lidalukidwanso molimba. Dazi limeneli limayambira m'mbali mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu. Likazindikirika msanga nkuleka kukokako, tsitsi limameranso. Koma zikapitirira zaka, timizu timafa nkusanduka chipsera, ndipo palibe mafuta ogula angatidzutse. Apa mpoyenera kukumbuka mwambi wa makolo wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali chinanso chimene sitingamdzudzule nacho Rock, chifukwa chidadziŵika pambuyo pake. Mu Okutobala 2022 akatswiri a National Institutes of Health ku America adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 33,497 amene adaŵatsata kwa zaka pafupifupi 11. Adaŵerengera kuti mwa amayi osagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi, osakwana aŵiri pa 100 alionse angadwale khansa ya m'chiberekero pofika zaka 70, pamene mwa opaka mankhwalawo koposa kanayi pa chaka chiŵerengerocho chidafika pa anayi. Akatswiriwo sadanene kuti atsimikiza kuti mankhwalawo ndiwo gwero la nthendayo, ndipo nafenso tisaopseze amayi athu mopitirira. Koma khungu lopsa ndi khomo lotseguka, ndipo kholo lanzeru silidikira umboni wotsiriza kuti litchinjirize mutu wa mwana wa zaka zisanu ndi ziŵiri.

Tsono, abale, tibwere kwathu. Khirisimasi ikayandikira, kapena tsiku la Ukaristia woyamba, timaona tiatsikana tina titalukidwa mameshi olemera, nkhope itakokeka, timatuza titandanda m'mbali mwa chipumi. Usiku mwanayo amalephera kugoneka mutu pa pilo, ndipo ife akulu timamuuza kuti apirire poti kukongola nkoŵaŵa. Mau ameneŵa ngabodza. Kuluka kumene kukupweteka kwalimba mopitirira, ndipo nkofunika kumasula tsiku lomwelo, ngakhale ndalama zapita. Mutu wa mwana utsukidwe sabata iliyonse kapena pakapita masabata aŵiri. Tsitsi lipesedwe likali lonyowa, ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu. Zoluka zisakhalitse miyezi, ndipo mutu upumule musanalukenso. Mukaona chipere, paja pothothoka tsitsi mozungulira nkumatuwa, dziŵani kuti mafuta opaka okha sachiza, chifukwa tizilombo take timaloŵa m'kati mwa tsitsi ndi m'mizu. Mwanayo apite kuchipatala akalandire mankhwala akumwa kwa masabata angapo, ndipo asabwerekane chipeso, chipewa kapena lezala ndi abale ake.

Koma chipeso ndi sopo pazokha sizingayankhe funso la mwana uja. Mu 2016 atsikana a pa Pretoria High School for Girls ku South Africa adachita zionetsero podandaula kuti amauzidwa kuwongola tsitsi lawo lachibadwa kuti lioneke laudongo. Iwo adaona chimene kanema uja adangochikhudza pamwamba: kuti mwana sabadwa akudana ndi tsitsi lake, amachita kuphunzitsidwa. Amaphunzira kwa azakhali amene amadandaula kuti tsitsi lake nlouma ngati udzu, kwa achimwene ake amene amamseka, ndi kwa bambo amene amayamikira amayi ake pokhapokha avala wigi. Sitikuŵeruza mayi wamkulu amene wasankha kuwongola tsitsi kapena kuvala wigi akudziŵa zimene akuchita, mutu ngwake. Tikudandaulira mwana amene sadasankhe, ndipo m'mera mpoyamba.

Kanema wa Good Hair ngwoyenera kumuonera, makamaka abambo, ngakhale makolo adziŵe kuti muli nthabwala zina zosayenera makutu a ana. Adafunsa funso loona, adaseketsa anthu pa nkhani imene ambiri ankaopa kuitchula, koma adaimira panjira. Potsalapo pafunika ife, pakhonde madzulo a Loŵeruka, mwana atakhala pakati pa miyendo ya amayi ake, beseni la madzi ofunda lili pambali. Akadzafunsa ngati tsitsi lake nlabwino, tiyambe tayang'ana khungu la kumutu kwake. Ngati mulibe zilonda, mulibe chipere, ndipo m'mbali mwa chipumi tsitsi likumera, timuuze mosazengereza kuti inde, nlabwino, ndipo atate ake ndiwo ayambe kunena.