Kapolo wa ku Roma m'Manja mwa Alembi

Mlandu ukafika pa bwalo la mfumu, akulu safulumira kugamula asanamve mbali zonse ziwiri. Koma mlandu wa akapolo a ku Roma ndi ambuye ao watifika ndi mboni za mbali imodzi yokha. Cicero, Plutarch, Appian ndi Tacitus, amene tiwerenga zolemba zao, anali mfulu za pakati pa anthu osunga akapolo. Mwa akapolo osawerengeka amene analima minda ya mphesa ku Italy, nakumba siliva ku Spain, palibe ndi mmodzi yemwe anatisiyira mbiri ya moyo wace. Ife kuno tiri ndi mwai pang'ono, pakuti Petro Kilekwa, Mbisa amene anagwidwa ukapolo akali mwana, analemba mbiri yace m'Cinyanja, ndipo inasindikizidwa m'Cingerezi mu 1937. Aroma alibe Kilekwa wao.

Cotero munthu wolemba nkhani yopeka ya masiku amenewo ayenera kuika mau m'kamwa mwa munthu amene sanalankhule. Imeneyi ndi mphamvu yaikuru, yosasiyana kwambiri ndi ya mbuye pa kapolo wace. Tiyeni tione m'mene alembi atatu anacitira nayo.

Tiyambe ndi Howard Fast wa ku America ndi buku lace la Spartacus. Zodziwika za munthuyo nzocepa. Anali wa ku Thrace. M'caka ca 73 Kristu asanabadwe anathawa ndi anzace ngati 70 ku Capua, kumene anali kuwaphunzitsa kuphana pa bwalo kuti anthu asangalale. Anabisala pa phiri la Vesuvius, akapolo ambirimbiri nawatsata, ndipo anagonjetsa magulu angapo a nkhondo kufikira Crassus anawathyola mu 71. Otsala 6,000 anapacikidwa pa mitanda m'mbali mwa mseu wocokera ku Capua kumka ku Roma. Mtembo wa Spartacus sunapezeke. Kupacikidwa kwace kumene ambiri anakuona pa kanema wa 1960 nkopeka.

Fast anali wa cipani ca Komyunizimu. Mu 1950 anakhala m'ndende miyezi itatu cifukwa anakana kuulula maina a anthu amene anasonkha ndarama zothandiza othawa nkhondo ya ku Spain. Atatuluka, osindikiza anamkanira bukulo, ndipo analisindikiza yekha mu 1951. Nzeru yace yaikuru iri pa ciyambi. Satiyambitsa ndi nkhondo ai. Tiona Aroma olemera ali pa ulendo mu mseu uja, mitanda iri uku ndi uku. Afika pa nyumba ya mnzao, adya, amwa, koma nkhani yao ingobwerera kwa kapolo wakufayo. Apa mlembi wasandutsa kusowa kwa mboni kukhala cida cace. Timdziwa Spartacus mwa mantha a adani ace, monga timdziwira mkango mwa kunjenjemera kwa ng'ombe m'khola.

Koma kapoloyo akangotsegula pakamwa, buku lifooka. Spartacus wa Fast ndi munthu wopanda banga, atate wa onse, wolota dziko lopanda kapolo ndi mbuye. Appian anenadi kuti iye anali kugawa zofunkha mofanana; koma Appian yemweyo anenanso kuti anapha Aroma 300 ogwidwa kunkhondo monga nsembe ya mzimu wa mnzace Crixus. Ndipo palibe umboni wakuti anafuna kuthetsa ukapolo weni weniwo. Akapolo ataukira ku Sicily zaka ngati 60 m'mbuyo mwace, mtsogoleri wao Eunus anadzilonga ufumu, nadzicha Antiochus. Mau amene timva m'bukuli ndi a Fast wotuluka m'ndende. Sindimnyoza nazo, pakuti wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Koma m'mimba mopwetekamo ndi mwa munthu wa 1950.

Arthur Koestler anacita cimodzimodzi, kungoti anayang'ana kwina. Anatuluka m'cipani comweco mu 1938 mtima utasweka, ndipo mu The Gladiators, la 1939, Spartacus amanga mudzi wa anthu ofanana, nafika pa kupacika anzace omwe kuti mudziwo usapasuke. Funso lace nlabwino: kodi womasula anzace asanduka liti wopondereza? Koma wowerenga azindikira msanga kuti maso a mlembi ali ku Moscow. Munthu mmodzi wa ku Thrace wasenzetsedwa akatundu awiri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ali wace.

Wacitatu, Robert Harris, anasankha kapolo wa m'nyumba. Mu Imperium (2006), Lustrum (2009) ndi Dictator (2015), wosimba nkhani ndiye Tiro, mlembi wa Cicero. Tiro analikodi. Anamasulidwa mu 53, ndipo analemba mbiri ya mbuye wace imene inatayika. Makalata amene Cicero anamlembera alipo, odzala ndi nkhawa pa matenda ace. Koma mayankho a Tiro palibe. Harris adziwa bwino kusimba za mphamvu: kugula anthu pa cisankho, mapangano a usiku, kugulitsana kwa mabwenzi. Kapolo woima kukhoma ndi colembera aona zonse popeza akulu samuwerengera, ndipo buku loyambalo simungalitule msanga. Cimene cindibvuta nciyani tsono? Tiro uyu ali ngati zenera loti tionerepo Cicero. Alakalaka ufulu ndi kamunda kace, inde, koma mtima wace wonse uli pa ulemerero wa mbuye.

Komatu makalata a Cicero omwewo ali ndi minga imene mlembi wolimba mtima akadaiponda dala. Mnyamata wace womwerengera mabuku, Sositheus, atamwalira, Cicero analembera bwenzi lace kuti cisoni cace caposa coyenera imfa ya kapolo. Wina, Dionysius, wosunga mabuku, anaba mabuku nathawa, ndipo Cicero analembera akazembe a ku Illyricum, tsidya la nyanja, kuti amsake. Tiro anakhala m'nyumba imeneyo, ndipo kaya ena a makalata otere anapita m'manja mwace. Anadziwanso lamulo lakuti umboni wa kapolo pa mlandu ulandiridwa pokha pokha atamzunza. Kodi cikondi ca munthu wodziwa zonsezi cioneka bwanji? Kodi agona tulo totani? Pamenepo ndi pamene pali nkhani, koma Harris apitirirapo mofulumira, kuthamangira ku bwalo la akulu.

Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo manja akuyabwa kulemba, pali nkhani ina mu Tacitus imene ikali kudikira mwini. M'caka ca 61 Kristu atabadwa, Pedanius Secundus, woyang'anira mzinda wa Roma, anaphedwa ndi kapolo wace. Ena anati anamkaniza ufulu atapangana kale mtengo. Ena anati analimbirana cibwenzi. Mwambo unati akapolo onse a pa nyumbapo aphedwe, ndipo analipo 400, akazi ndi ana omwe. M'bwalo la akulu ena anamva cifundo, koma Gaius Cassius anaimirira nanena kuti khamu lotere silisungika koma ndi mantha. Mau ace Tacitus anawalemba mwa utali. Anthu wamba anasonkhana ndi miyala ndi miuni kuti aletse, mfumu Nero nindandalika asilikari mu mseu wonse wopita kophera. Maina a Pedanius ndi Cassius tiwadziwa. Mwa 400 aja, Tacitus sanachule dzina ndi limodzi lomwe, ngakhale la wakupha uja.